UFA WACIKASU NDI ZITSIME ZA M'MAKOMBONI A LUSAKA

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja

Nkhani yathu ya lero ndi ya ufa wina wacikasu umene ambiri a inu mwauona ulikudutsa pa malole, osaganizira kuti ungafike m'ndowa ya madzi ya m'nyumba mwanu. Dzina lace ndi sulufule. Ena munayamba kulimva dzinali m'chalichi, pa nkhani ya Sodomu ndi Gomora. Anchito a ku migodi amdziwa mwa njira yina, pakuti utsi wace ndi uja a ku Kankoyo ku Mufulira amaucha senta, umene kwa zaka zambiri unatsokomoletsa ana ndi kudya malata a nyumba.

Tiyambe ndi kufunsa kuti, kodi sulufule adzatani m'dziko lathu lino? Yankho lace liri ku mkuwa. Pali miyala yina ya mkuwa imene siilowa m'ng'anjo ai, koma imabviikidwa mu asidi kuti mkuwawo usungunuke, ndipo pambuyo pace amaukoka m'madzimo ndi mphamvu ya magetsi. Asidi ameneyu ndiye mwana wa sulufule. Wina amapangidwa ndi utsi wa m'ng'anjo zathu zomwe, pakuti ng'anjo za ku Nchanga, ku Chambishi, ku Mufulira ndi ku Kansanshi tsopano zimagwira utsi wambiri umene kale unkangopita kumwamba. Koma ameneyo sakwanira migodi ya kuno pamodzi ndi ya ku Congo. Motero sulufule wina amagulidwa kutali, makamaka ku maiko a Aluya, kumene amamcotsa m'mafuta ndi mu gasi wa pansi pa nthaka. Amatsika m'zombo ku Dar es Salaam, ku Beira, ku Durban ndi ku Walvis Bay, nakwera malole m'matumba akulu a tani imodzi imodzi. Wocokera kum'mwera amalowa pa Chirundu kapena pa Kazungula, nadutsa Kafue, nafika mu Lusaka muno asanakwere mseu wa kumpoto wopita ku Ndola ndi ku Kasumbalesa. Eni migodi amakonda kunyamula ufawo m'malo mwa asidi cifukwa ca masamu ace: tani imodzi ya sulufule imabala matani atatu a asidi. Cisungeni ciwerengero cimeneci, tidzacifunanso.

Tisaiwalenso kuti kumadzulo kwa Lusaka, pa Nampundwe, pali mgodi wa mwala wonyezimira ngati golidi wochedwa pyrite, umene uli citsulo cosanganikirana ndi sulufule. M'zaka za m'ma 1980 mwalawu unkapita ku fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals ku Kafue kukapanga asidi. Sulufule tsono si mlendo wa dzulo m'dera lino.

Koma wina angati, Nanga coopsa nciani? Ufawu ukaugwira m'manja suocha. Ukauthira m'madzi susungunuka. Alimi ena amauwaza pa mbeu zao kuzichinjiriza ku matenda. Zonsezo nzoona. Sulufule wouma amagona tulo, ndipo zomudzutsa ndi zinthu zitatu: cinyezi, mpweya, ndi tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso timene tikhala m'dothi. Tiziromboti timadya sulufule monga ife tidya nsima, ndipo cimene timatulutsa ndi asidi yemwe uja wa ku mgodi, yemwenso ali m'batire la galimoto. Satuluka tsiku limodzi. Amatuluka pang'ono pang'ono, mwezi ndi mwezi, makamaka pamene kutentha ndi mvula zakumana, ndiye kuti kwathu kuno kuyambira November mpaka March. Ndipo ufa ukakhala wosalala, ngati pfumbi lija lotsala pansi thumba likang'ambika, tizirombo timaumaliza msanga koposa mibulu ikulu ikulu. Cifukwa cace mulu waukulu wosungidwa bwino pansi pa denga ungakhale wosaopsa, pamene zinyenyeswa za pabwalo, zimene kalaliki wa kampani saziwerenga m'buku lace, ndizo zimaononga. Thumba limodzi lotayika ndi kusiyidwa pa dothi lingathe kubala, m'kupita kwa zaka, matani atatu aja a asidi.

Tsopano tiyang'ane pansi pa mapazi athu. Mbali yaikulu ya mzinda wa Lusaka, makamaka kum'mwera ndi kumadzulo, yakhala pa thanthwe la mwala wa laimu, mtundu umene akatswiri amaucha dolomite. Ndi mbale wace wa mwala umene a ku Chilanga akhala alikuocha kupanga simenti kuyambira 1951. Amai amene amaphwanya miyala yogulitsa ku Kalingalinga ndi ku Misisi audziwa bwino ndi manja ao. Mwala umenewu suli wogwirana ngati mwala wa mphero. Mvula ya zaka zikwi zambiri yaudya m'kati, nisiyamo ming'alu, mphako ndi ngalande zobisika, kotero kuti uli ngati culu ca ciswe. M'mphako zimenezi ndimo muli nkhokwe ya madzi ya mzinda. Kwa zaka zambiri madzi oposa theka a m'mipope ya Lusaka akhala ocokera m'zitsime zakuya zoboola ndi makina, ndipo otsalawo amapopedwa kucokera mu mtsinje wa Kafue pa Iolanda. Pamwamba pa zimenezo onjezani zitsime za anthu eni ace, zakuya ndi zosaya, zimene ziri pa mabwalo osawerengeka.

Ku Kanyama dothi lophimba mwalawo ndi lopyapyala, pena palibe ndi pang'ono pomwe, ndipo m'dzinja madzi a pansi amakwera mpaka kulowa m'nyumba. Acikulire akumbukira cigumula ca 1978. Maenje akale okumbamo miyala, monga damu la Ngwenya ku Misisi, amene sauma ngakhale mu October, sali madzi a mvula okha ai. Ndi madzi a pansi omwewo alikutisuzumira. Kumene kuli mcenga wakuya, dothi limasefa madzi asanafike pa citsime. Kuno sefa palibe. Cimene munthu watsanulira pansi cingalowe mu mng'alu ndi kuyenda ulendo wautali ciri comweco. Ndipo taonani m'mene mzinda unamangidwira: malo a mafakitale, a nyumba zosungiramo katundu ndi oimikapo malole, ku Chinika ndi m'mbali mwa mseu wa Mumbwa ndi wa Lumumba, ayandikana ndi Kanyama, George ndi Matero. Mpanda wa njerwa ulekanitsa bwalo la kampani ndi nyumba za anthu pamwamba pokha. Pansi pace madzi ndi amodzi.

Apa munthu wophunzira angandidule mau, nati, Koma bambo, laimu ndiye mankhwala a asidi. Asidi akagwa pa mwala wa laimu amacita thobvu, nataya ukali wace. Inde, wanena zoona, ndipo mwala wathu watichinjiriza m'njira imeneyi koposa m'mene tiuyamikira. Koma ndeu ya awiriwa ikatha pamatsala zinthu. Ukali wa asidi umafa, sulufule mwini wace safa. Amasanduka mcere wochedwa sulphate, umene umasungunuka m'madzi ndi kuyenda nao. Mwala wa dolomite uli ndi calcium ndi magnesium. Sulufule akagwirana ndi magnesium pabadwa mcere uja wa Epsom, umene makolo athu ankagula ku sitolo akafuna kutsuka m'mimba. Taganizirani tsono mankhwala otsegula m'mimba ali m'citsime ca pakhomo, khanda lirikumwa m'phala lace tsiku ndi tsiku. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, World Health Organization, linena kuti kuwawa kwa mcerewu kungayambe kumveka pakamwa ukafika pa mamiligalamu 250 mu lita imodzi, ndipo ukapitirira 500 akulu a za umoyo ayenera kudziwitsidwa. Obvutika msanga ndi makanda ndi alendo amene mimba zao sizinazolowere.

Palinso zina ziwiri. Kuti asidi wa tani imodzi ya sulufule azizire, amadya matani ngati atatu a mwala wa laimu, ndiye kuti ming'alu ija imakula, ndipo njira ya zonyansa zina zonse imatseguka koposa. Ndiponso asidi asanakumane ndi mwala amayamba wanyambita cimene wapeza pabwalo, migolo yadzimbiri, zitsulo zakutha, mabatire otayidwa, natenga citsulo ndi mtobvu kupita nazo pansi.

Abale anga, mvetsani bwino pano, pakuti ndipo pali mtima wa nkhani yathu. Kolera watiphunzitsa ndi misozi. M'dzinja la 2017 ndi 2018 anthu oposa 5,000 anadwala, ambiri a iwo m'makomboni a Lusaka, ndipo boma linakwirira zitsime zosaya zambiri ku Kanyama. M'dzinja la 2023 ndi 2024 anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lonse, ndipo bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala. Cimene oyesa madzi amacipeza kawiri kawiri m'zitsime zosaya za m'makomboni ndi zonyansa za m'zimbudzi. Ameneyo ndiye mdani wamkulu, ndipo tisamcepse. Tinaphunzira kuwiritsa madzi ndi kuthiramo klorini. Pitirizani kutero masiku onse. Koma klorini amapha zinthu zamoyo, ndipo mcere wa sulufule ulibe moyo woti uphedwe. Mukawiritsa, madzi ena amauluka ndi nthunzi, mcere nutsala m'mphika woculuka koposa poyamba. Mai wa pa nyumba, ngakhale akhale waukhondo cotani, alibe cida colimbana nao mdani uyu m'khichini mwace. Akulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo a pansi pa nthaka ndiwo obvuta koposa: mtsinje umatsukidwa ndi mvula ya caka camawa, koma madzi a m'mphako za mwala angasunge coipa zaka zambiri. Bvuto ili liyenera kugwidwa pa bwalo la kampani mvula isanagwe, ndipo wokhoza kulowa pa cipata cimeneco ndi lamulo.

Inu a ku migodi mudziwa kale cimene asidi acita akapulumuka. Mu November 2006 madzi a asidi ocokera ku Konkola Copper Mines ku Chingola analowa m'kamtsinje ka Mushishima ndi mu Kafue. Anthu ngati 2,000 anakasuma, ndipo bwalo lalikulu la milandu linawapeza olungama mu 2011, patapita zaka zisanu; mlandu wa apilo unafika kumapeto ace mu 2015. Mu January 2008 ku Mufulira, kumene a Mopani ankathira asidi pansi pa mgodi kusungunula mkuwa m'thanthwe momwemo, asidiyo analowa m'madzi a pansi amene ankapopedwa kupita ku mipope ya m'tauni, ndipo anthu mazana ambiri anathamangira ku cipatala m'mimba mulikuocha. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi la Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, ndipo malita osacepera 50 miliyoni a matope a asidi anatsikira mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapserera, mipope ya ku Kitwe inatsekedwa, ndipo ndege za asilikali zinathira laimu mu mtsinje kucokera kumwamba. Kafue ameneyo ndi yemwe uja timwa kuno ku Lusaka.

Ngozi zimenezi zinamveka cifukwa zinacitika ndi phokoso, nsomba zirikuyandama pamaso pa anthu onse. Mulu wa sulufule pabwalo ulibe phokoso. Ku Somerset West, pafupi ndi Cape Town, mulu wa matani ngati 15,000 unakhala pa bwalo la fakitale zaka zambiri mpaka anthu analeka kuuona, kufikira moto wa m'chire unaugwira mu December 1995, ndipo anthu zikwi a ku Macassar anathawa m'nyumba zao usiku cifukwa ca utsi. Katundu wotere akaiwalika ndi pamene aopsa.

Nanga malamulo athu atani? Lamulo lakale la madzi, limene tinalandira kwa boma la Northern Rhodesia, linkasamala mitsinje ndi nyanja, koma madzi a pansi pa nthaka linawasiya opanda mlonda. Munthu ankakumba pamene wafuna. Mu 1990 kunabwera lamulo loletsa kuipitsa dziko, limene linabala bungwe la Environmental Council of Zambia. Caka cacikulu cinali 2011, pamene Nyumba ya Malamulo inapanga malamulo awiri. Loyamba linakhazikitsa bungwe la ZEMA m'malo mwa lakale lija. Linena kuti munthu ali yense m'Zambia ayenera kukhala pa malo aukhondo ndi osaopsa, kuti woipitsa ndiye alipire, kuti nchito zazikulu ziyesedwe zisanayambike kuona cimene zidzacita ku nthaka ndi madzi, ndi kuti palibe wololedwa kutayira zoipa m'madzi popanda cilolezo. Lipatsa oyang'anira mphamvu yolowa pa bwalo la kampani, yoimitsa nchito ndi yolamula kuti malo akonzedwe. Laciwiri linakhazikitsa bungwe la WARMA, ndipo linaika madzi a pansi m'manja mwa lamulo kwa nthawi yoyamba. Mu 2018 kunatuluka malangizo ace: oboola zitsime akhale ndi cilolezo, zitsime zakuya zilembedwe m'kaundula, ndipo citsime citalikirane ndi cimbudzi mamita 30.

Pa pepala, tsono, sitiri amphawi. Koma ine ndiona mipata, ndipo ndiichula poyera. Mamita 30 aja anayesedwa ndi maganizo a tizirombo ta matenda, timene timafa pa ulendo wao m'dothi. Mcere sufa pa ulendo, ndipo mu mng'alu wa dolomite mamita 30 ndi phazi limodzi. Muyeso woyenera ku mcenga wa ku Mongu sungakhale woyenera ku thanthwe la Kanyama. Lamulo la 2011 lilola boma kupatula malo ena kuti akhale ochinjirizidwa cifukwa ca madzi ace. Mphamvu imeneyi igwire nchito molimba, kuti pa mwala wong'aluka woterewu katundu wa mtundu uwu asaunjikidwe pa dothi konse. Mpata wina ndi uwu: eni migodi amalamulidwa kuika ndalama m'thumba la boma lokonzera malo mgodi ukadzatsekedwa. Koma mwini bwalo la malole m'tauni sali mwini mgodi. Akagwa pa malonda nacoka usiku, dothi la asidi limatsalira khonsolo ndi anansi. Nayenso ayenera kusiya cikole asanatsitse thumba loyamba.

Zofunika pa bwalo losungirapo sulufule sizacilendo. Ku Alberta m'dziko la Canada, kumene sulufule amaunjikidwa m'milu yaikulu ngati mapiri, lamulo lao lifuna kuti madzi a mvula otsika pa miluyo asonkhanitsidwe ndi kuziziritsidwa asanatayidwe, ndi kuti madzi a pansi aziyesedwa. Ifenso tifuna zomwezo. Pansi pakhale polimba posalola madzi kulowa, ndipo pamatidwe bwino, pakuti asidi amadya simenti wamba. Pamwamba pakhale denga. Kuzungulira pakhale kakhoma kochinga madzi, ndi ngalande yopita ku dziwe loyalidwa pansi, m'mene laimu athiridwa madzi asanatuluke. Koposa zonse pakhale zitsime zazing'ono zoyeserapo, cina kumtunda kumene madzi a pansi acokera, zina kunsi kumene apita, ndipo ziyesedwe m'cirimwe ndi m'dzinja. Popanda citsime ca kumtunda mwini bwalo adzati, Madziwa anafika ali oipa kale; popanda ca kunsi adzati, Ndani waona? Ndipo zotuluka m'kuyesako zisagone m'kabati ya ofesi. Zikhomedwe pa cipata ca kampani ndi pa ofesi ya khonsolo, m'cinenero cimene amai a pa mpope angawerenge. Kuyesa madzi a citsime cimodzi sikufika mtengo wa tayala limodzi la lole.

Oyang'anira a boma ndi ocepa, ndipo dziko ndi lalikulu, kuyambira ku Solwezi mpaka ku Livingstone. Motero ndilankhule ndi inu anchito, inu onyamula matumba, oyendetsa malole, osesa mabwalo ndi akapitao ao. Thumba likang'ambika, coyamba cimene dzanja lifuna kugwira ndi paipi ya madzi, kuti bwalo liyere msanga bwana asanafike. Kumeneko ndiko kuononga kwenikweni, pakuti mwapatsa sulufule madzi amene anali kuwasowa, ndipo mwamperekeza nokha ku ngalande. Sesani ali wouma, ndi tsace lofewa ndi fosholo yosathetheka moto, cifukwa pfumbi lace limayaka msanga. Bvalani cophimba kumphuno. Muoleleni m'thumba lina, ndipo pamene panatayikirapo muwazepo laimu. Lole yonyamula sulufule isatsukidwe m'mbali mwa mseu kapena pa dambo. Matumba otha nchito asagulitsidwe kwa anthu kuti akasungiremo cimanga kapena kufolera nyumba. Ndipo a mabungwe a anchito, pokambirana za malipiro ndi nsapato za pa nchito, aikepo ndi funso ili: Kodi madzi a pa bwalo lino amapita kuti? Ambiri a inu mukaweruka mumakagona kuseri kwa mpanda womwewo, ndipo ana anu ndiwo atunga kunsi kwace.

Kwa inu okhala m'makomboni, zizindikiro ndi izi. Pfumbi lacikasu m'ngalande yotuluka pa mpanda wa kampani. Udzu wopserera m'mbali mwa ngalandeyo pakati pa dzinja, pamene wina wonse uli wobiriwira. Madzi a m'citsime amene ayamba kuwawa pakamwa, kapena kununkha ngati dzira lobvunda, kapena kusiya dzimbiri lofiira m'ndowa. Zoyera zomata m'ketulo zokha zisakuopseni, pakuti madzi a Lusaka ali ndi laimu cibadwire; cimene muyenera kuchera khutu ndi kusintha, madzi a caka cino kusiyana ndi a caka catha. Ndipo mwana akatsegula m'mimba musakhale pansi kuganizira za sulufule ai; thamangirani ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti angakhale kolera, amene sadikira.

Mukaona zotere, lembani tsiku ndi malo ace, jambulani ndi foni, ndipo tungani madziwo m'botolo loyera lotseka bwino. Musapite mmodzi mmodzi kukakangana ndi mlonda pa cipata, iye sali mwini wace. Pitani pamodzi kwa khansala wa dera lanu ndi ku komiti ya citukuko, ndipo mulembe kalata ku ZEMA, ku WARMA ndi ku khonsolo ya mzinda, yopempha kuti madzi ayesedwe ndi kuti muuzidwe zotuluka zace polemba. Kalata iri yonse idindidwe pa ofesi imene yalandiridwa, ndipo inu musunge yanu yofanana nayo. Mlandu wa ku Chingola uja unatenga zaka zisanu ndi zinai, ndipo pa bwalo la milandu woweruza amafunsa tsiku, malo ndi pepala.